Galu kapena hatchi ikalumidwa ndi njoka titani?

Mvula yangoyamba kumene koma mafunso a njoka adzadza kale mu foni mwangamu. Bambo wina wa ku Chigumula akuti galu wawo anabwera kuchokera kudimba mutu utatupa ngati dzungu, anamumwetsa mkaka ndi makala osinja koma kunja kusanache galu anafa, ndiye akufunsa kuti analakwitsa pati. Mnyamata wina amene amasamala mahatchi pa famu ina cha ku Chileka naye akufunsa ngati chinyama chachikulu choncho chingafe ndi njoka.

Bambo, pepani kwambiri, galu wabwino amawawa ngati munthu wa pakhomo. Kutupa kumene mukunenako nthawi zambiri imakhala mphiri. Mphiri sithawa, imangogona phee m'masamba ndiye galu akapita kukanunkhiza imamuluma pamphuno kapena pakhosi. Poizoni wake amatupitsa ndi kuoletsa mnofu, ndipo kutupako kukafika pakhosi galu amabanika. Mkaka ndi makala zimapita m'mimba pomwe poizoni ali mumnofu ndi m'magazi, sizikumana n'komwe, zimangokudyerani nthawi yomwe mukanakhala muli panjira kupita kwa a vetenale. Mvuleni lamba wa m'khosi msanga, munyamuleni asayende yekha, osatema mphini, osayamwa bala, osamanga ndi mphira chifukwa pa mphiri kumangako kumaonjezera kuola. Komanso chonde osapatsa mphaka panado, panado yekhayo amapha mphaka.

Songo ndi nkhani ina. Bala silitupa kwenikweni koma galu amayamba kutuluka dovu, miyendo kufooka, kupuma movutika, ndipo pa ola limodzi lokha zinthu zitha kuipiratu. Apa palibe za kunyumba, thamangani basi, ndipo imbiranitu foni mufunse ngati ali ndi mankhwala a poizoni wa njoka chifukwa ndi odula komanso sapezeka paliponse. Ija yolavula malovu ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 kapena 20 musanapite kulikonse.

Tsopano achimwene a mahatchi. Thupi lalikulu limathandiza ndithu, moti mankhwala a poizoni wa njoka amene amapangidwa ku Johannesburg aja amachokera m'magazi a mahatchi omwe amabayidwa poizoni pang'onopang'ono. Koma musatayirire. Hatchi imalumidwa kwambiri pamphuno ikamadya msipu, ndipo iyo simatha kupumira kukamwa ngati galu kapena ife, ndi mphuno yokha basi, ndiye mphuno ikatupa n'kutsekeka imafa ndi kubanika poizoni asanapite patali. Bulu ndi chimodzimodzi, a ngolo mumve. Sungani tizidutswa tiwiri ta paipi yothirira ija, totalika ngati masentimita 15, tosalala m'mphepete, ndipo a vetenale akuonetseni kalowetsedwe kake m'mphuno kuti hatchi izipumirapo, lero lomwe ngozi isanachitike, ine sindifuna munthu aziphunzira izi usiku hatchi ikuphupha. Pambuyo pake pamafunika jekiseni ya kafumbata chifukwa hatchi sichedwa kugwidwa ndi matendawa, komanso bala lija muziliona tsiku ndi tsiku, khungu limatha kuyoyoka patapita masiku angapo.

Imene imapusitsa anthu ndi nalikukuti, ija yooneka ngati kamtengo kouma. Chiweto chimaoneka bwinobwino tsiku lonse, kenako mawa lake magazi m'nkhama, mumkodzo, pabala osasiya. Mankhwala ake enieni kulibe, chimene a vetenale angachite ndi kuthandiza chiwetocho ndi madiripi kapena kuchiika magazi, ndiye mukaona kuti yaluma musadikire kuti magaziwo ayambe.

Njokayo osalimbana nayo kuti muiphe mupite nayo, anthu ena alumidwira pomwepo. Ijambuleni muli patali ngati n'kotheka. Ndipo tchetchani udzu kuzungulira khola, chotsani milu ya njerwa ndi malata akale, makoswe a kunkhokwe thanani nawo chifukwa ndi amene amaitana njoka pakhomo.