Sikopu ikamayenda yokha pamwamba pa mfuti

Achimwene ena a ku Area 25 anditumizira imelo sabata yatha. Ali ndi mfuti ya .308, mapepala a kupolisi onse alipo, koma akawombera kangapo sikopu (galasi lolozetsera la pamwamba pa mfuti) imasuntha, zipolopolo n'kumagwera kwina. Akufunsa kuti agule maring'i otani, mphete zimene zimagwira sikopu pa mfuti. Nditawerenga ndinakhala duu kwa kanthawi, chifukwa nkhaniyi inandikumbutsa malume anga.

Malume anali ndi munda kupitirira Mitundu, chakufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama. Chimanga chikayamba kukhwima mu Malichi, nguluwe zinkalowa usiku. Amene sanaonepo munda umene nguluwe zadyamo sangamvetse ululu wake. Mapesi ali lambalamba, zitsononkho mbwee, thukuta la miyezi inayi latha usiku umodzi. Malumewo anali ndi mfuti ya .30-06 yakale imene ankaisamala ngati mwana. Sikopu anagula yabwino ndithu, ndalama yake inali ya fodya, koma maring'i anangotola otchipa pa sitolo ina m'tauni, opepuka ngati chitini. Ine ndinali pomwepo. Anati, "Mphwanga, mphete ndi mphete basi, bola igwire."

Mbandakucha wina anawombera nguluwe yaikulu m'mphepete mwa munda. Analozetsa paphewa, chipolopolo chinakalowa m'mimba. Tinalondola magazi m'thengo mpaka dzuwa lili paliwombo, osaipeza. Kulira kwa nyama ija mpaka lero ndimakumvabe. Malume sanakhudze nsima tsiku limenelo, ankangoti maso awo atha, ukalamba wafika. Patapita masiku, ndikupukuta mfutiyo, ndinaona kamzere kowala pathupi la sikopu, pafupi ndi ring'i yakutsogolo, pomwe penti inakalika. Kutalika kwake ngati njere ya mpunga. Maso a malume analibe vuto lililonse.

N'chifukwa chake nkhani imeneyi sindiyankhula mozungulira. Kumangirira sikopu yodula ndi maring'i osadziwika kumene achokera ndi nkhanza kwa nyama. Ngati ndalama sikukwanira zonse, gulani sikopu yapakatikati ndi maring'i enieni. Apa sindisintha maganizo.

Chimene chimachitika n'chakuti mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi, pomwe sikopu imafuna kutsala pamene inali. Zili ngati thumba la chimanga pa lole imene yadzambatuka chobwerera m'mbuyo, thumbalo limaseserekera kutsogolo. Sikopu ikakhala yolemera, monga izi zikuluzikulu zimene anyamata akuzikonda masiku ano, kusesereka kwake kumanyanya.

Ndiye pali ena akaona zimenezi amatenga Allen key n'kumanga ndi mphamvu zonse ngati akumanga tayala la minibasi ya ku Kawale. Zimandiwawa kwambiri. Thupi la sikopu ndi aluminiyamu wopyapyala, mukalifinya limabonyoka, zam'kati zosinthira zimauma, sikopu yatha. Ndiponso ambiri mwa ife timathira oyilo paliponse pa mfuti, makamaka nthawi ya dzinja poopa dzimbiri. Oyiloyo akalowa pansi pa ring'i, ngakhale mumange motani iterera basi.

Nawonso a mfuti zampweya zasipuling'i, zophera makoswe kunkhokwe, asamadzione ngati apulumuka. Mfuti zimenezi zimagwedeza mbali ziwiri, m'mbuyo kenako kutsogolo, ndipo zimaononga sikopu kuposa mfuti zina zikuluzikulu. Pa kanjanji kake ka 11mm, pomangirira sikopu, maring'i amakwawira m'mbuyo pang'onopang'ono. Pamafunika okhala ndi kamsomali kolowa m'bowo la pamwamba, monga mabowo amene ali pa mfuti za Weihrauch.

Nanga inu achimwene mugule ati?

Yambani mwayeza thupi la sikopu yanu. Zambiri ndi za inchi imodzi, yomwe ndi 25.4mm, kapena za 30mm, ndipo ring'i iyenera kukhala ya saizi yomweyo ndendende, osati kupachikiza tepi kapena labala wa chubu cha njinga. Onaninso mtundu wa njanji ya pamwamba pa mfuti yanu, kaya ndi Weaver kapena Picatinny. Maring'i a Weaver amalowa pa njanji ya Picatinny, koma a Picatinny nthawi zambiri amakana pa Weaver chifukwa mipata ya njanji ya Weaver ndi yopapatiza. Kwa .308 ine ndingatenge achitsulo, kapena aluminiyamu wolimba, otambalala, a timabawuti tinayi pa ring'i iliyonse, a makampani odziwika ngati Warne kapena Leupold, ndipo afupi bola galasi lakutsogolo lisakhudze mpope.

Pukutani m'kati mwa maring'i ndi thupi la sikopu ndi spiriti mpaka oyilo athe. Musanamange pa njanji, kankhirani ring'i iliyonse kutsogolo kuti itsamire m'mpata wake. Timabawuti tapamwamba mangani mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, mpata wa kumanzere ufanane ndi wa kumanja. Pa mphamvu yomangira, opanga ambiri amanena ma inch-pound 15 mpaka 18, koma tsatirani zolembedwa pa paketi yanu, ndipo torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangirayo, ibwerekeni ngati mulibe. Mukatha lembani kamzere ka pensulo pa sikopu, kogundana ndi ring'i. Kawombereni pa pepala pamalo ovomerezeka zipolopolo 10, kenako mukayang'ane kamzereko musanaganize n'komwe zolozetsa chinthu chamoyo.