Bolodi la "masiku opanda ngozi" lisakunamizeni

Supavaiza wina wa pa fakitale wanditumizira imelo, akuti pageti pawo pali bolodi losonyeza kuti atha miyezi yambirimbiri popanda ngozi, ndiye akufunsa ngati apa ndiye kuti kampani yawo yakhwima pa nkhani ya chitetezo cha antchito.

Achimwene, ayi ndithu. Bolodi limangowerenga ngozi zomwe zalembedwa basi, ndipo ngati bonasi yanu imadalira nambala imeneyo, mnyamata akadzicheka chala anthu amangomumanga bandeji mwakachetechete nkumukhazika ku sitolo masiku angapo kuti nambala isagwe. Ku Deepwater Horizon, malo okumbira mafuta panyanja ku Gulf of Mexico, tsiku lomwe kunaphulika mu Epulo 2010 mabwana a BP ndi Transocean, makampani omwe ankayendetsa malowo, anali konko kuyamikira antchito kuti atha zaka 7 popanda wovulala mpaka kulephera kubwera kuntchito. Usiku womwewo anthu 11 anafa.

Muyezo womwe ambiri amagwiritsa ntchito poona kukhwimaku ndi makwerero a masitepe asanu a Patrick Hudson, katswiri wa za chitetezo pantchito, amene kampani ya mafuta ya Shell inawaika mu pulogalamu yake ya Hearts and Minds. Pansi penipeni pali kampani ya "bola inspekitala asatigwire", kenako ija imadzidzimuka munthu akavulala kale. Pakati pali ya mafomu, ma risk assessment (zikalata zounika ngozi zomwe zingachitike) mafayilo ndi mafayilo, aliyense wasaina, ndipo makampani ambiri amakakamira pamenepa nkumaganiza kuti afika, pomwe pamwamba pake padakali masitepe awiri, kusaka vuto lisanavulaze munthu, kenako pomwe bwana amachita kufunsa yekha kuti mundiuze zomwe zikulakwika.

Ndiye mukafuna kudziwa pomwe muli, musafunse HR, ofesi yoona za antchito ija. Pitani shifiti ya usiku, muone ngati chotchingira lamba wa makina chimakhalapo mabwana akapita. Funsani kuti munthu womaliza kuimitsa makina chifukwa choopa ngozi zinamuthera bwanji, anamuthokoza kapena anamudula ovataimu? Onaninso buku la ma near miss, zija ngozi imatsala pang'ono kuchitika. Likakhala loyera si kuti muli bwino, anthu akuopa kulemba. Ndipo zomwe analembazo zinakonzedwa patapita nthawi yaitali bwanji, waya woonekera uja akadali pomwepo?

Mahelemeti, magulovu ndi zina zomwe lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limafuna, zimenezo nzoyambira chabe, musaziwerengere ngati kukhwima. Ndipo pofunsa antchito musalembe maina, apo ayi onse akuuzani kuti zonse zili bho bwana.