Tinsomba ta mudamu mwana wabweretsa mubaketi, tisunge kapena tibweze?

Amayi ena a ku Katete andilembera imelo sabata yatha. Akuti mwana wawo wa giredi 6 anabwera ndi tinsomba mubaketi kuchokera kudamu, tina tasiliva, tina tamizeremizere, kamodzi kakuda kandevu, ndiye mwana wakakamira kuti tikhale mu galasi pa sitingirumu. Akufunsa kuti ndi nsomba zanji ndipo zingakhale moyo m'nyumba?

Amayi, zingakhale, koma osati zonse, ndiye musanagule chilichonse yambani mwadziwa chomwe chili mubaketimo. Tengani botolo loyera bwino, ikani kamodzikamodzi, muyang'ane padzuwa.

Kandevu kaja ndiyambe nako chifukwa ndi komwe ana amakonda kwambiri. Ngati kalibe mamba, mutu ndi wophwatalala, ndevu zilipo 8 ndipo chipsepse chapamsana chikuyenda mpaka pafupi ndi mchira, ameneyo ndi mlamba. Lero ndi kakang'ono ngati chala koma mlamba umakula mpaka kupitirira mita, ndipo usiku umadya chilichonse chokwana mkamwa mwake, mudzangoona tinzake tikuchepa m'mawa uliwonse. Umapumanso mpweya wakunja, nchifukwa chake sufa msanga m'matope, ndipo ukapeza mpata umatuluka mu thanki, galasi losungiramo nsomba lija, nkumakwawa pansi. Bwezani kudamu komwe unachokera. Pougwira samalani minga ya zipsepse zam'mbali, imabaya zowawa.

Tasiliva tija, ngati tili ndi mamba, mchira wamphanda, chipsepse chimodzi chachifupi pamsana ndi tindevu ting'onoting'ono pakamwa toti muchite kuyang'anitsitsa, amenewo ndi matemba. Ena amakhala ndi madontho atatu akuda m'mbali. Awa ndiye ine ndimawakonda ndipo ndimauza aliyense woyamba kuti ayambire pamenepa, sakula kwambiri, sasankha chakudya, kuzizira kwa Juni ndi Julayi amapirira popanda hita chifukwa ndi kwawo konkuno. Tinazolowera kuwaona ouma pamsika wa Kapata ku Chipata, koma muwaone amoyo ali gulu, akatembenuka onse pamodzi kuwala kukawamenya m'mbali, mudzaiwala TV. Musasunge kamodzi kokha, kamangobisala pakona osadya. Akhale 6 kapena kuposa, ndipo thanki ikhale ndi chivindikiro chifukwa amalumpha.

Tamizeremizere ndi pomwe pamavuta. Thupi lopyapyala m'mbali, chipsepse chapamsana chachitali chaminga, amenewo ndi a banja la tilapia, ma bream aja timagula. Yang'anani kumapeto kwa chipsepse chapamsana, ana a tilapia amakhala ndi kadontho kakuda pamenepo. Ngati kalipo, dziwani kuti ambiri mwa awa amakula kuposa chikhatho chanu, amakumba mchenga, ndipo wa pachifuwa pofiira uja, Coptodon rendalli, amadya zomera zonse mwadzala. Malo awo ndi dziwe la panja osati galasi. Koma pali kachibale kawo kena kotchedwa Pseudocrenilabrus philander, kamafika masentimita 10 kapena kupitirirako pang'ono basi. Kamuna kamakhala ndi milomo yabuluu ndi kadontho kofiirira kumapeto kwa chipsepse chapansi chakumchira, kakazi kamanyamula mazira mkamwa pafupifupi masabata awiri osadya mpaka ana atuluke. Mukakapeza aka mwachita mwayi, kungoti kamuna nkandewu, kakhale kamodzi ndipo muike miyala yoti takazi tizibisalamo.

Manje nkhani ya madzi, apa ndi pomwe nsomba zambiri zimafera, galasi lilibe mlandu. Madzi a pampopi ali ndi klorini, amawotcha makha a nsomba, ndiye muwatunge mubaketi agone tsiku lathunthu osavindikira, kapena mugule mankhwala ochotsa klorini. A pachitsime kapena pa borehole ali bwino. Thanki ya masentimita 60 mulitali, 30 mulifupi, 30 kuya imalowa malita 54, imeneyo ikwana matemba 6 mpaka 8, musaonjeze. Thanki yatsopano imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso timene timadya zoipa za nsomba tichuluke mu fyuluta, kachipangizo kosefa madzi a mu thanki, ndiye pa nthawi imeneyi dyetsani pang'ono kwambiri ndipo muzichotsa madzi pang'ono pafupipafupi. Ikakhazikika, kota ya madzi sabata iliyonse yakwana. Osakhuthula onse nkutsuka ndi sopo ayi, ndipo siponji ya fyuluta muziifinya m'madzi omwe mwachotsa mu thanki momwemo.

Magetsi athu mukuwadziwa mmene amathimira, makamaka mu Okutobala kukatentha madzi amasunga mpweya wochepa. Mukaona nsomba zili pamwamba zikuyasamula, tungani madzi ndi kapu muziwathira kuchokera m'mwamba kangapo, kapena pezani kapampu ka mpweya ka batire. Thanki isakhale pawindo lolowa dzuwa.

Chakudya, chonde osati nsima kapena buledi, zimawolera pansi madzi nkuchita thovu. Nyongolotsi zoduladula, inswa nthawi yake, mphutsi za udzudzu, kapena ma flakes, chakudya cha nsomba chouma cha m'shopu, zoti zithe mu mphindi ziwiri.

Za mwanayo zikundidetsa nkhawa kuposa za nsomba. Madamu athu ambiri ali ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndiye asamalowe m'madzi chisawawa, nkhono za kudamu zisalowe mu thanki, ndipo mukaona magazi mumkodzo pitani naye kuchipatala msanga. Muuzeninso kuti neti ya udzudzu si yogwirira nsomba, imakokolola ndi tiana tomwe, komanso boma la Zambia limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, ofesi ya Fisheries kwanuko ikuuzani madzi omwe lamuloli likukhudza. Zomwe mukubweza zibwerere kudamu lomwelo sabata inoyo, zisanasakanizidwe ndi nsomba zogula m'shopu, chifukwa zikasakanizidwa mukhoza kukathira matenda m'damu lonse. Nditumizireni chithunzi cha tamizere tija chojambula cham'mbali, chipsepse chapamsana chitatambasuka, ndikuuzani kuti ndi kati.