Dzino likayamba kuwawa, mwachedwa kale

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake ambiri timapita kwa dokotala wa mano tsaya litatupa kale. Ine ndikuona kuti choyamba ndi dzino lenilenilo: limaola mwakachetechete. Chikamba cholimba chakunja kwa dzino chilibe mitsempha, ndiye kabowo kamakula miyezi yambiri inu mukutafuna nzimbe bwinobwino. Ululu wosagonetsa tulo uja umabwera kuola kutafika mkati, pa mtsempha. Pamenepo kumata kokha sikukwaniranso.

China ndi mantha. Kwa ambirife, chipatala cha mano ndi kozula basi, ndipo tinakula tikumva nkhani za jakisoni wa m'nkhama. Ineyo ndinapirira sabata zitatu, ndikumwa panado, kuchukucha madzi amchere, kutafunira mbali imodzi ngati mbuzi. Nditapita, dokotala anangopukusa mutu, nati ndikanabwera chaka chatha akanangomata. Linazulidwa. Mpaka pano lilime limakasuzumira pagwerupo.

Koma tisangodzudzula anthu. Madokotala a mano ndi ochepa zedi kuno ku Malawi; maphunziro awo a digiri anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS). Wakumudzi ayenera kulipira kabaza kapena minibasi kukafika kuboma, kukafola mzere kuyambira m'mamawa, ulimi utaima. Ndani angachite zimenezo dzino lisakuwawa? Kuzipatala zolipira nako ndalama zake n'zomwe ukanagulira feteleza.

Inu poti mwati nkhama zikutuluka magazi mukamatsuka, pitani sabata yomwe ino akakuoneni, ndipo musasiye mswachi poopa magaziwo.