Kodi sabata ino walandira katundu wa yani?

Mdzukulu wanga, uthenga wako unandipeza kuno ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, ndipo mtsikana amene ndimakhala naye, yemwenso akundilembera mawu awa, anandiwerengera kawiri chifukwa maso anga saonanso tizilembo ta pafoni. Wanena kuti uli ndi zaka 16, uli Fomu 3 pasukulu ina yoyendera mumzinda muno, ndipo mtima umakupweteka ukaona anzako akusiya sukulu, zinyalala zitatseka ngalande, ndi ana akugona m'makonde a masitolo m'nyengo yozizira. Ukufuna kuyambitsa bungwe la achinyamata, koma ulibe ndalama, sudziwa kumene ungapeze okuthandiza, ndipo anzako amakuseka kuti ukudziyesa nduna. Wafunsa kuti uyambire pati kuti udzakhale munthu wosintha zinthu.

Mtima umenewo usausiye, mwana wanga, pakuti si ana onse a msinkhu wako amene amagona akuganizira mavuto a anzawo. Koma pamene ndinkamvetsera kalata yako ndinadikira kuti ndimve dzina la munthu mmodzi yekha, kaya gogo wa pafupi ndi kwanu, kaya mnzako wa m'kalasi, ndipo sindinalimve. Ndinamva za bungwe, za ndalama ndi za othandiza. Funso limene ndikanakonda kuti undifunse ndi lakuti, mwa anthu amene amadutsa pakhomo panu tsiku ndi tsiku, ndani amene wasenza cholemera, ndipo ungamulandire bwanji. Limenelo ndilo ndiyankhe.

Kwathu ku Kasungu, mwana akaona wamkulu akutulukira kumapeto kwa mudzi atasenza kanthu, sankadikira kuitanidwa. Ankasiya phada kapena fulaye pomwepo, n'kuthamanga, n'kunyonyomala pang'ono, n'kunena kuti, “Ndikulandireni, agogo.” Wamkuluyo nthawi zambiri ankayamba wakana, amvekere, “Zikomo mwanawe, ndafika kale,” koma mwana woleredwa bwino ankadziwa kuti kukana koyambako ndi ulemu chabe, ndipo manja ankakhala atagwira kale dengulo. Ndimakumbukirabe mmene nkhata inkakhalira yofunda ndi thukuta la mwini wake ikamaikidwa pamutu panga, ndiponso mmene khosi linkalowera m'mapewa ndikasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi umene gogo wokalamba anachoka nawo kuphiri. Pamenepo m'pamene ndinkazindikira kuti munthu amene ankaoneka ngati akuyenda bwinobwino uja anali akuvutika kwambiri, kungoti sankadandaula.

Mwambowu unali ndi malamulo ake amene palibe ankawalemba. Sunkafunsa kuti m'thumbamo muli chiyani, ndipo sunkavundukula nsalu ya pamwamba pa dengu. Sunkayenda mothamanga kuti umusiye mwini katunduyo m'mbuyo ngati kuti ukumuonetsa ukalamba wake, koma unkatsata mayendedwe ake, iye akaima kuti apume nawenso n'kuima. Ukafika unkatula katunduyo pakhonde, n'kugwada, n'kutsanzika. Akakupatsa mtedza kapena mbatata yootcha unkalandira ndi manja awiri, koma kuima pabwalo kudikirira kuti akupatse kanthu chinali chamanyazi kuposa kusalandira n'komwe. Ndipo mwana akangokhala pansi wamkulu akudutsa ndi katundu, anthu sankafunsa dzina la mwanayo, ankafunsa kuti, “Kodi ameneyu ndi mwana wa yani?” Manyaziwo ankapita kwa mayi ake. Amayi anga anandilangapo tsiku lina chifukwa cha zimenezi, ndipo sanakweze mawu, anangonditengera ndowa yodzaza madzi n'kundiuza kuti ndikaitule kwa gogo amene ndinamunyalanyazayo, n'kupepesa ndekha pakamwa panga.

Ndinabwera kuno nditangokwatiwa, Mzuzu asanakhale mzinda, pakuti anaulengeza kukhala mzinda mu 1985. Akuluakulu amene tinawapeza ankatiuza kuti malowa anayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake zimafinyidwa mafuta, cha m'ma 1947, ndipo nthawi imene ine ndinkafika panali tchire lambiri, nkhungu ya m'mawa ndi mvula yosatha imene kwathu sitinkaidziwa. Chitumbuka sindinkachimva, abale ndinalibe, ndipo bambo a ana anga ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Tsiku lina kukuwaza mvula ndinaona mayi wachikulire akukwera chitunda kuchokera kudambo la Lunyangwa, mtolo wa nkhuni pamutu, mapazi akuterereka m'matope ofiira aja. Sindinaganize kanthu, miyendo inangopita yokha monga inazolowera. Sitinamvane chilankhulo njira yonse. Titafika pakhomo pake anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti, “Yewo chomene, mwana wane,” ndipo amenewo ndiwo mawu oyamba a Chitumbuka amene ndinaphunzira.

Mayi ameneyo ndiye anandiphunzitsa kuphika kondowole, ndiye anandiperekeza kuchipatala pa mimba yoyamba. Ndipo pamene mwana wanga wachiwiri anamwalira ndi chikuku, uthenga usanafike n'komwe kwa abale ku Kasungu, iye ndiye anayamba kulowa m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi ine, ana ake aamuna ndiwo anaika masamba pamsewu, n'kutenga makasu kupita kumanda kunja kusanache, ndipo ana ake aakazi anatunga madzi ndi kusonkha moto masiku onse a maliro. Sindinawapemphe, ndipo sindikanadziwa ngakhale mawu owapemphera. Akale ankati kupatsa n'kuika, koma ine tsiku la mvula lija sindinkadziwa kuti ndikuika kanthu.

Tsopano ndimakhala pakhonde masana, dzuwa likatuluka, n'kumaona msewu. Ndimaona amayi ochokera kuchigayo ndi thumba la ufa pamutu, mwana kumbuyo, ndipo pambali pawo pakuyenda mnyamata wawo wamtali kuposa iwo, manja m'matumba, zingwe m'makutu. Ndimaona atsikana ovala bwino akupatuka kuti gogo wosenza makala asawadetse. Mwezi wathawu ndinapempha mwana wina kuti andinyamulire kathumba ka chimanga kuchokera pamsewu kufika pakhomo, mtunda umene munthu angaitane mnzake n'kumva, ndipo anandiyang'ana m'maso n'kufunsa kuti, “Mundipatsa zingati?” Sindinakwiye, koma ndinamva chisoni, pakuti mwanayo ndinamuona akubadwa.

Sindikunena kuti ana a masiku ano ndi oipa. Mzinda wakula, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000, pamene kale tinkadziwana pafupifupi tonse. Gogo wanzeru lero sangapereke thumba lake kwa mnyamata wachilendo kumsika waukulu kapena kudepoti, chifukwa mwina sadzaliona. Ndiponso anyamata a kabaza ndi onyamula katundu pamsika ali pantchito, amadyetsa mabanja ndi thukuta limenelo, ndipo ayenera kulipidwa mosawanyinyirika. Koma iwe suli pa ganyu, ndipo anthu a mumzere wa nyumba zanu amakudziwa, amadziwa mayi ako ndi tchalitchi chimene mumapita. Kwa amenewo mulibe chifukwa choopana.

Kuthandizana kwathu kunaonongedwapo kale, ndipo uyenera kudziwa. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandiza mnzako kumunda kapena pomanga nyumba, koma eni maesiteti a kummwera anawatembenuza kukhala ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, mpaka inakhala imodzi mwa nkhani zimene zinawawitsa mtima John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915. M'nthawi ya Kamuzu kunali sabata ya achinyamata, pamene ana a sukulu ankalambula misewu, kuumba njerwa ndi kufolera nyumba za okalamba, ndipo ntchito zambiri zabwino zinachitika, ngakhale kuti ena ankapita chifukwa cha mantha. Sindikufuna kuti mantha amenewo abwerere. Koma lero ndikuona chinthu china chimene chikudya mwambowu mwakachetechete. Achinyamata akaitanidwa kukasesa kuchipatala amayamba afunsa ngati kuli alawansi ndi malaya olembedwa, ndipo akapereka sopo kwa gogo amamuimika pakhomo la nyumba yake yogumuka kuti amujambule n'kumuika pa Facebook. Ife tinaphunzitsidwa kusavundukula dengu la munthu. Umphawi wa munthu nawonso ndi dengu lake, ndipo suyenera kuuonetsa kwa anthu amene iye sakuwadziwa.

Unali wamng'ono mu Epulo 2016 pamene mvula inagwa masiku otsatizana mpaka nyumba zambiri zinagwa m'madera monga Masasa, Mchengautuwa ndi kuno ku Chibavi, anthu n'kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Boma ndi mabungwe anabwera ndi chakudya, zofunda ndi mapepala ofolera, ndipo tinathokoza. Koma usiku umene makoma ankagwa, bungwe lililonse linali kutali. Amene anandigogodera ine anali anyamata awiri a nyumba yachitatu kuchokera pano, amene ankakonda kunditungira madzi mpope ukauma. Iwo ankadziwa kuti ndimagona chipinda cha kumunsi kumene madzi amayambira kulowa, ankadziwanso kuti kuseri kwathu kuli bambo wina wosayenda, ndipo anamutulutsa atamubereka khoma lisanagwe. Zimenezi sakanazidziwa akanakhala kuti sanatulepo ndowa pamakomo athu.

Wina wa kwathu ku Kasungu, William Kamkwamba wa ku Wimbe, amatchulidwa kwambiri kwa ana a sukulu. Anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 14 anapanga makina oyendera mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi dayinamo ya njinga, ataphunzira m'mabuku a mulaibulale yaing'ono. Anthu amakumbukira kuti anakwera ndege n'kukaphunzira kunja, koma amaiwala kuti chimene ankafuna poyamba chinali kuunikira nyumba ya makolo ake, ndipo nayenso ankasekedwa kuti wapenga. Anzako akukusekawo usawade, ndipo usatsutsane nawo. Ena a iwo adzakutsatira akadzaona kuti sunasiye.

Unafunsanso kuti ungakule bwanji m'makhalidwe. Kulandira katundu kumaphunzitsa maso kuona, pakuti anthu ovutikadi kawirikawiri salankhula. Kumaphunzitsa kuyenda pa liwiro la munthu wina, chimene ambiri ophunzira kwambiri sachitha. Ndipo panjira, katundu ali pamutu pako, wamkulu amamasuka n'kuyamba kulankhula, ndipo umamva zinthu zimene sangakuuze mutakhala pamipando: mmene anapiririra umasiye, chifukwa chimene ngalande ya pamenepo imasefukira chaka chilichonse, banja limene lagona ndi njala koma likubisa. Katundu wina sakhala pamutu ayi. Mnzako amene masamu amuvuta ndipo wayamba kujomba, khala naye pansi pa mtengo mukaweruka, mubwereze limodzi zimene aphunzitsi anaphunzitsa. Mtsikana amene sanabwere kusukulu sabata yathunthu, pita kwawo ukamuone, usadikire kumva mphekesera. Mayi ako akamachokera kumsika madzulo, uziwaona ali patali. Sukulu yako usaiseweretse chifukwa cha zimenezi, pakuti mayeso a Fomu 4 ali pafupi ndipo makolo ako akusenza fizi yako movutikira, ndiye kukhoza kwako n'kuwalandiranso.

Popeza ndiwe mtsikana, ndikuchenjeze chinthu chimodzi. Katundu amatulidwa pakhonde. Usalowe m'nyumba ya mwamuna amene sukumudziwa bwino ngakhale atakuuza kuti ulowetse mkati, usapite kutali kukada, ndipo mayi ako azidziwa kumene wapita. Mwambo wathu sunkatuma mwana kumalo oopsa, ndipo wamkulu waulemu sangakwiye ukatula pakhomo n'kubwerera.

Za bungwe lako sindikukana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo tsiku lidzafika pamene mudzakhala anayi kapena asanu ozolowera kugwira ntchito limodzi, mfumu ya m'dera lanu ndi akuluakulu a mpingo akukudziwani ndi ntchito zanu, ndipo pamenepo mudzapita kukalembetsa ku National Youth Council, bungwe la boma loyang'anira mabungwe a achinyamata, muli ndi zoti munene. Koma Loweruka likubwerali dzuka m'mawa, usese pakhomo panu, kenako ukhale pamene ungaone njira yochokera kuchigayo kapena kumpope. Akatulukira wamkulu amene ukumudziwa, ika foni m'nyumba, mangira chitenje, upite ukamuchingamire. Akakana koyamba, usabwerere. Ukadzandilemberanso undiuze kuti anali yani, anasenza chiyani, anakuuza zotani panjira, ndiponso ngati denga la nyumba yake lingapirire mvula ya chaka chino.