Ija inali Peugeot 504, ndipo bambo anu sankanama

Mayi wina wandilembera pa imelo atapeza chithunzi chakale m'sutikesi ya malemu bambo ake. Kuseri kwake kunalembedwa 1978. Akuti galimoto yake ndi yaitali, ya mizere itatu ya mipando, giya ili pa chiwongolero, ndipo achimwene ake akukakamira kuti ndi Peugeot 404. Akufunsanso ngati inalidi yolimba momwe bambo ankaitamira.

Mayi, chithunzicho ndachiona. Achimwene anu muwauze mwaulemu kuti aphonya pang'ono. Mipando ndi giya sizingathetse mkanganowu, chifukwa 404 ndi 504 zonse zinali ndi mtundu wa banja wotchedwa Familiale, ndipo zonse zinkapezeka ndi giya ya pa chiwongolero. Yang'anani nyali zakutsogolo. Za 404 ndi zozungulira ngati mbale, ndipo kumbuyo kwake kuli timapiko tosongoka. Za pa chithunzi chanu ndi zamakona anayi, zopendekeka ngati maso a munthu amene akukukayikira. Imeneyo ndi 504 basi.

Peugeot anatulutsa 504 mu 1968, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Yaitaliyi inabwera pambuyo pake, mu 1971. Ku France anasiya kupanga 504 mu 1983, koma ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka za m'ma 2000, chifukwa kuno ku Africa anthu ankaifunabe.

Tsono za kulimba. Amalume anga anali nayo yoyera, ndipo tinkapita nayo kumudzi nthawi ya Khirisimasi, ana tonse titapanikizana pa mpando wachitatu, thumba la ufa pamiyendo, nkhuku zitamangidwa pamwamba. Tikachoka pa tala n'kulowa msewu wafumbi wa mabampu, galimoto zina zinkachita kukwawa, koma iyi inkangonyezuka ngati bwato. Chinsinsi chake chinali pansi. Masipulingi ake anali ndi mpata waukulu wokwera ndi kutsika, ndipo yaitaliyi inali ndi masipulingi anayi kumbuyo kuti izisenza katundu. Mimba yake inali patali ndi nthaka. Mphamvu inkapita ku matayala akumbuyo, choncho ikalemedwa m'pamene inkagwira bwino matope. Sizodabwitsa kuti Ove Andersson, woyendetsa wa ku Sweden, anapambana ndi 504 mpikisano wa magalimoto wa Safari Rally mu 1975, m'misewu ya ku Kenya yofanana ndi yathuyi. Nayo 404 ya achimwene anu si yocheperapo ayi, inapambana mpikisano womwewo kanayi m'zaka za m'ma 1960.

Koma ndisakunamizeni kuti sinkafa. Inkafa ndithu! Ndimakumbukira tili pa chitunda, nthunzi ikufuka pa boneti, amalume atakulunga chisanza kudzanja akudikira kuti ledieta izizire, ife titatumidwa ndi chigubu kukapempha madzi pa mjigo. Tsiku lina batire inatha, tinakankha mpaka inalira. Nkhani ndi yakuti chilichonse chimene chinkavuta chinali chooneka ndi maso. Ukatsegula boneti unkaona kabuleta, mapulagi anayi, lamba wa fani, ndi malo okwanira kulowetsa mkono wonse. Munalibe kompyuta. Makanika wa pansi pa mtengo wa mango ankaimvetsera kaliridwe kake n'kunena vuto asanagwire sipanala. Ngakhale injini ikatopa, masilinda ake anali ochotseka, ankazula akale n'kuikamo atsopano, injini n'kubwerera mwakale. Galimoto za masiku ano zimayenda nthawi yaitali osavuta, zimenezo ndivomera, koma ikangoyatsa kanyali kachikasu uli kutali ndi tauni, umangoimba foni.

Mdani wake weniweni anali dzimbiri. Linkadya pansi pa zitseko ndi pomwe pamaponda mapazi, moti ya amalume inafika poti tinkaona msewu ukuthamanga pansi pa kapeti. Mafuta nayonso inkamwa ndithu, makamaka ya petulo ya injini ya malita awiri.

Ngati muli ndi chithunzi china choonetsa kumbuyo, nditumizireni. Pa chitseko chakumbuyo pankalembedwa dzina la mtundu wake, ndipo achimwene anu akadziwerengera okha.