Mwana akatupa milomo atadya phala la nsinjiro

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wa zaka 3 amatupa milomo ndi kutuluka zidzolo akadya phala lothira nsinjiro, koma apongozi akuti azimupatsabe kuti thupi lizolowere. Mayi, apongozi alemekezeni, koma apa ayi.

Izi ndi ziwengo: thupi la mwanayu likuona mtedza ngati mdani, n'kutulutsa histamine, yemwe amatupitsa khungu ndi kuyabwitsa. Zimayamba pakangopita mphindi zochepa, kawirikawiri pasanathe maola 2. Lero ndi milomo, tsiku lina ikhoza kukhala mmero. Kukazinga kapena kuphika mtedza sikuchotsa vutoli, ndiye chiponde, futali ndi ndiwo zotendera zonse zili m'gulu limodzi. Ngakhale chipande chomwe mwavundulira nacho ndiwozo.

Anthu amasokoneza ziwengo ndi mphere. Mphere zimayabwa kwambiri usiku, zimakonda pakati pa zala, ndipo nyumba yonse imakanda. Zidzolo za ziwengo zimasamukasamuka: chotupa chimodzi sichitha maola 24 pamalo amodzi. Chondinyansa n'choti mwana akangotuluka kalikonse pakhungu timathamangira Bactrim wa pagolosale. Ameneyu amapha mabakiteriya, pa ziwengo alibe ntchito, ndipo kwa ena iye yemweyo amayambitsa zidzolo zoopsa. Za mtedza wa chuku musazilowetsepo, uwo ndi poizoni wowononga chiwindi, nkhani ina.

Chochita

Siyani mtedza wonse, mulembe chomwe wadya, nthawi yake ndi zomwe zaoneka, mujambulenso pafoni kuti dokotala akaone. Komwe amayeza pakhungu, amadontheza timadzi ta mtedza, kubaya pang'ono, n'kudikira mphindi 15; chotupa cha mamilimita 3 kapena kuposa chimasonyeza kuti thupi likudana nawo. Ngati akumwa Piriton, mankhwala a ziwengo, mumusiyitse masiku angapo asanayezedwe, apo ayi amabisa zotsatira.

Zikakhala zidzolo zokha, Piriton wamadzi, 1 mg (2.5 ml ya botolo la 2 mg pa 5 ml) pakapita maola 4 mpaka 6, osapitirira 6 mg patsiku. Amagonetsa. Koma mawu akasasa, akamabanika, kusanza mobwereza kapena kulefuka, Piriton sathandiza. Thamangani naye kuchipatala, osamuyendetsa, akabayidwe adrenaline pantchafu, 0.15 mg pa msinkhu wakewu, kubwereza pakatha mphindi 5 ngati sizikusintha. Akakuuzani kuti mugone konko vomerani, nthawi zina zimabwerera patapita maola. Muwauzenso a kumkaka ndi agogo ake omwe.